ZA MAKINA NDI MAGETSI: Alonda a m'Makina a Fulopi

Pa nyengo ya cilimwe, pamene mabanja atulutsa za m'masutukesi ndi m'makatoni kuti ziwombedwe mphepo, pamapezeka nthawi zina timbale ta pulasitiki ta ngodya zinai, tokhala ndi kacitseko ka citsulo kotsetsereka ku mbali imodzi. Ana amatiseweretsa osadziwa nchito yace. Akulu amene anagwirako nchito ya ukalaliki m'zaka za m'ma 1990 amatidziwa bwino. Amenewo ndiwo madisiki a fulopi, ndipo m'kati mwa ena a iwo mukali maina a anthu a m'kopaletivu, kaundula wa obatizidwa, makalata a penshoni, kapena nyimbo zimene woyimba kiyibodi wa mu mpingo anasunga iye akali ndi moyo. Kawirikawiri disiki yotere imakhala yokhayo, yopanda inzace kwina kuli konse.

Mwini disikiyo akafuna kuona za m'kati mwace amafunafuna kompyuta yakale kapena kiyibodi imene iri ndi kakamwa kolowetsapo disiki. Akaipeza ndi kulowetsa, makinawo amayamba kugogoda ngati gogomole pa mtengo wouma, kapena amangoti zii, kapenanso amanena kuti mulibe disiki pamene disiki irimo. Munthuyo amagwa mphwayi, nanena kuti mau onse anafa, ndipo disiki imapita kudzala. Mlandu umenewu umaweruzidwa mofulumira kopambana. Nthawi zambiri zolembedwazo zimakhala zikali zamoyo, ndipo colakwa ndi kacipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga kamene amisiri amakacha sensa.

Mbiri ya madisiki amenewa siitali. Yoyamba inapangidwa ndi kampani ya IBM mu mzinda wa San Jose ku America, ndipo inatuluka mu 1971. Inali yaikulu mainchesi 8, pafupifupi ngati mbale yodyera nsima. Mu 1976 kampani ya Shugart Associates inatulutsa yocepa, ya mainchesi 5 ndi kota. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Sony ya ku Japan inabweretsa ya mainchesi 3 ndi theka, yokhala m'cikuto colimba, ndipo imeneyi ndiyo inafala kufikira m'maofesi a m'maboma akutali. Sony inaleka kupanga madisikiwa mu 2011. Ngakhale zinali tero, asilikali a dziko la America analeka kugwiritsa nchito a mainchesi 8 pa makina otumizira malamulo a zida za nyukiliya mu 2019, ndipo boma la Japan linamaliza kufafaniza malamulo ofuna kuti anthu azipereka zikalata pa fulopi mu 2024. Cotero wosunga disiki m'sutukesi asacite manyazi. Koma adziwe kuti makina amene adzapeze oti awerengere disikiyo adzakhala a zaka 20 kapena 30, mwinanso kuposa, ndipo anagona nthawi yonseyo pamodzi ndi fumbi, mphemvu ndi cinyezi ca dzinja.

M'kati mwa cikuto muli kambale kopyapyala, kofewa, kopakidwa mankhwala a maginito onga a pa tepi ya kaseti. M'makina muli mamota awiri. Ina imazunguza kambaleko, ndipo inzace imayendetsa kamutu kowerengera, kuloza pakati kapena kubwerera kumphepete, phazi limodzi limodzi. Mau amalembedwa m'mizere yozungulira yosaoneka ndi maso. Disiki ya mainchesi 3 ndi theka iri ndi mizere 80 ku mbali iri yonse, yothinana kotero kuti mizere isanu imakwana mu milimita imodzi, malo n'kutsalako.

Cofunika kumvetsa ndi cakuti makina amenewa ndi akhungu. Sadziwa pamene kamutu kaima. Afanana ndi munthu wotumidwa usiku wopanda mwezi kuti akafukule cinthu pa mzere wa 37 wa m'munda. Munthuyo sangacite mwina koma kupapasa kufikira atapeza mzere wa kumalire, ndipo pamenepo ayambe kuwerenga mizere umodzi umodzi. Sadziwanso pamene mzere wozungulira uyambira, kaya disiki yalowa kapena yatuluka, kaya mwini walola kuti ilembedwe kapena waletsa. Zonsezi makina amauzidwa ndi masensa, amene ali ngati alonda oikidwa pa zipata. Ambiri a alondawa ali a mitundu iwiri. Ena ndi timaso: kanyali kakang'ono kopenyana ndi kagalasi kakumva kuwala, pakati pali mpata ngati wa mphanda, ndipo cinthu cikadutsa pa mpatapo kuwala kumaduka. Ena ndi timaswichi ta timitu tosongoka timene disiki imakanikiza polowa. Mlonda akagona kapena akanama, makina onse amasokera ngakhale mamota ndi kamutu ziri zabwino.

Mmisiri wanzeru asanagwire sikuludiraiva amayamba waika disiki ya mtengo wapatali ija kutali, m'thumba lace, pa malo opanda dzuwa ndi opanda sipika ya wailesi pafupi, pakuti m'sipika muli maginito. Makina okayikitsa sayesedwa ndi disiki yokhayo. Amafuna madisiki awiri opanda nchito, amene akaonongeka palibe wolira. Amatsegula kacitseko ka citsulo ndi cala, nazunguza kambale pang'onopang'ono akupenya pa kuwala. Akaona madontho oyera a cuku, disikiyo sailowetsa konse, cifukwa cuku cimamata pa kamutu, ndipo kamutu kakuda kamakanda disiki iri yonse yolowa pambuyo pace. Disiki yolira tswii pozungulira iyenera kutulutsidwa nthawi yomweyo.

Pali matenda ena amene amabvala nkhope ya sensa pamene sensa iribe mlandu, ndipo ndi bwino kuwacotsa m'njira poyamba. Nthambo yaphanthi yocokera ku kompyuta iri ndi mawaya 34, ndipo waya wa mzere wofiira ndiye woyamba. Ikalowetsedwa cozondoka, kanyali ka kutsogolo kwa makina kamayaka kosazima, ndipo disiki yokhala m'katimo ikhoza kuonongeka. Kabatire kobulungira ka m'kompyuta kakatha mphamvu, kompyuta imaiwala kuti iri ndi makina a fulopi a mtundu wanji, ndipo imawakana ngakhale ali amoyo. Makina ena, makamaka a m'makiyibodi, amazunguzidwa ndi kalamba ka mphira, kamene pokalamba kamatamuka kapena kusungunuka ngati phula. Girisi wa pa tizitsulo toyendapo kamutu amauma nasanduka ulimbo. Timigolo ta magetsi tochedwa makapasita timadontha madzi odya mawaya, ndipo timadziwika ndi dzimbiri lobiriwira ndi fungo longa la nsomba. Wopeza cimodzi ca izi acikonze coyamba, ndipo pambuyo pace ayesenso.

Pali cenjezo limodzi losayenera kulumphidwa. M'makina a fulopi ang'onoang'ono muli magetsi ofooka, mavolti 5 pa waya wofiira ndi mavolti 12 pa waya wacikasu, osapha munthu. Koma m'bokosi la citsulo logawa magetsi m'kompyuta mumalowa mavolti 230 a pa khoma, ndipo bokosilo silitsegulidwa ndi wophunzira. Makina ambiri akale a mainchesi 8 ali ndi mota yolandira magetsi a pa khoma mwacindunji. Amenewo asiyidwe kwa amisiri odziwa.

Mlonda waphokoso kupambana onse ndi wa mzere wa kumalire, umene pa Cingerezi amaucha track 0. Pa ngolo yonyamula kamutu pali kaphiko ka pulasitiki kapena ka citsulo. Ngoloyo ikabwerera kufika kumphepete, kaphikoko kamalowa mu mphanda ya kadiso, kuwala kumaduka, ndipo makina amatumiza uthenga pa waya wa nambala 26 wakuti malire apezeka. Kulira kwacidule kumene kompyuta zakale zinali kucita poyatsidwa kunali kumeneku: kamutu kufunafuna malire. Uthengawo ukapanda kufika, kompyuta imapitiriza kulamula kuti kamutu kabwerere, mapazi pafupifupi 80, pamene ngolo yafika kale pa mapeto. Ndipo kumamveka kugogoda kwa go-go-go. Kulakwa kwina ndi kosiyana ndi kumeneku. Fumbi kapena dzira la mphemvu likatseka mphandayo, kadiso kamanena kosaleka kuti malire afika, ngakhale kamutu kali pakati pa munda. Pamenepo sikumveka phokoso. Kamutu kamangokhala pamene kali, kompyuta imawerenga mizere kuyambira polakwika, ndipo disiki iri yonse imaoneka ngati yakufa.

Kusiyanitsa ziwirizi sikufuna zida zodula. Magetsi ali ozima, mmisiri amacotsa civundikiro, nazunguza ndi cala kacitsulo kamazinga koyendetsa ngolo kufikira kamutu kafika pakati. Sakankha ngoloyo ndi mphamvu, ndipo satukula kamutu ka pamwamba kopitirira muyeso, cifukwa kacitsulo kokagwira kakapindika sikawongokanso. Tsono amayatsa akupenya. Kamutu kakabwerera ndi kuima mwaulemu, mlonda ali maso. Kakabwerera ndi kugogoda, mlonda wagona. Kakapanda kusuntha pamene mota ikumveka ikubuula, ndiye girisi wouma. Kakapanda kusuntha ndipo mota iri cete, mwina mlonda akunama kuti malire afika kale.

Mankhwala oyamba ndi kupukuta. Kathonje kokulunga pa kamtengo, konyowetsa ndi sipiriti ya isopropyl, kamapititsidwa mu mphanda ya kadiso mofatsa, ndipo malowo amasiyidwa kuti aume. Parafini, petulo ndi mafuta a njinga siziyandikira konse. Kupukuta kukalephera, nchito imatsalira mita ya magetsi, yonga imene ali nayo ali yense wokonza mawailesi pa msika. Kuwala kwa tinyali timeneti sikuoneka ndi maso a munthu, koma kamera ya mafoni ena imakuonetsa ngati kadontho kotuwa kofiirira. Pa miyendo iwiri ya kanyali kamoyo mita imaonetsa volti imodzi ndi pang'ono. Ikaonetsa pafupifupi mavolti 5, kanyali kanaduka m'kati. Ikaonetsa ziro, magetsi sakufika, ndipo colakwa ciri kumbuyo, pa waya kapena pa mtovu wosweka. Ku mbali ya kagalasi, mmisiri amalowetsa ndi kutulutsa kapepala kolimba mu mphanda, ndipo mita iyenera kukwera ndi kutsika motsatira dzanja lace. Ikangoima pamodzi, kagalasi kanafa.

Woyesa pa mawaya a nthambo akumbukire kuti makinawa amalankhula mozondoka. Mavolti 5 atanthauza kuti mlonda ali cete, ndipo ziro atanthauza kuti mlonda wafuula. Ndiponso makinawa samayankha kanthu asanaitanidwe. Uthenga umaoneka pa nthambo pokhapokha kanyali ka kutsogolo kakuyaka, ndipo nthamboyo iyenera kukhala yolumikizidwa ku kompyuta. Ophunzira ambiri ataya sensa yabwino cifukwa coiyesa makina ali mtulo.

Pa kadiso ka malire pali kasikuluu kamodzi kapena tiwiri, nthawi zambiri topakidwa kadontho ka utoto wofiira kapena wobiriwira. Utotowo ndiwo cidindo ca ku fakitale. Munthu wa dzanja loyabwa akaona sikuluu amafuna kuimasula kuti apukute bwino, ndipo pamenepo ndi pamene makina ambiri amafera. Malire akasuntha ndi mpata wocepa ngati kunenepa kwa tsitsi ziwiri kapena zitatu, mzere wa 37 umasanduka wa 36, kapena kamutu kamayamba kupeza malire lero ndi kuwaphonya mawa. Masikuluu ogwira mota yoyendetsa kamutu ndi oopsa koposa, pakuti akasuntha kamutu kamayenda m'khwawa m'malo mwa pamwamba pa mzere. Makina otere amanyenga: amalemba disiki yatsopano ndi kuiwerenga bwino lomwe, koma madisiki onse akale amawakana. Kuwabwezera m'malo mwace kunali kufuna disiki yapadera yoyesera, yonga imene inali kupangidwa ndi kampani ya Dysan, pamodzi ndi makina oonetsa mafunde a magetsi pa galasi. Zinthu zimenezo ndi zosowa lero. Safunsa anadya phula. Ngati sensa iyenera kusinthidwa ndithu, mmisiri amayamba walemba malo ace ndi nsonga ya singano mbali zonse.

Si makina onse amene anali ndi mlonda ameneyu. Steve Wozniak, popanga makina a Disk II a kompyuta ya Apple II mu 1978, anamusiya dala kuti mtengo utsike. Makinawo anali kungobweza kamutu mapazi ambiri kufikira kagunda pa mapeto, ndipo pamenepo anali kudziwa kuti afika. Makina a Commodore 1541 analinso otero. Wopeza makina a mitundu imeneyo asadabwe ndi kugogoda, pakuti ndi cibadwa cao. Ndiponso mau akuti Track 0 bad, amene kompyuta imalemba pokana kukonza disiki, kawirikawiri amanena za disikiyo, kuti mzere wace woyamba waonongeka. Sensa imanamiziridwa cabe cifukwa ca kufanana kwa maina.

Mlonda waciwiri amauza kompyuta kuti disiki yamaliza ulendo umodzi wozungulira. Pa madisiki a mainchesi 8 ndi a mainchesi 5 ndi kota pali kaboo pafupi ndi pakati, ndipo kaboo kakadutsa pa kadiso kuwala kumapyola kamodzi. Madisiki a mainchesi 3 ndi theka alibe kabooko. M'malo mwace, makina ambiri ali ndi kamaginito komata m'mphepete mwa gudumu la mota, kamene kamadutsa pa sensa yakumva maginito. Uthenga wace umayenda pa waya wa nambala 8. Makina ambiri amazungulira maulendo 300 pa mphindi, ndiko kuti uthenga umabwera kasanu pa sekondi. A mainchesi 8, ndi ena a mainchesi 5 ndi kota osunga zambiri, amazungulira maulendo 360, kasanu ndi kamodzi pa sekondi. Mlonda ameneyu akagona, disiki imazungulira bwino koma kompyuta imadikira, kenaka imanena kuti makina sanakonzeke. Uthengawo ndi waufupi kwambiri kotero kuti mita siugwira mota ikuthamanga. Mmisiri amazunguza gudumu ndi cala pang'onopang'ono akupenya mita yoikidwa pa miyendo ya sensa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina amapeza kuti sensa iri bwino, koma kamaginito kanamatuka guluu atauma, ndipo kakakamira pa citsulo cina m'katimo.

Makina ena akale oyendera lamba ali ndi timizere takuda ndi toyera tojambulidwa pansi pa gudumu, m'mabwalo awiri olembedwa 50 ndi 60. Magetsi a m'Zambia amagunda maulendo 50 pa sekondi, pamene a ku America amagunda 60. Pansi pa nyali yacubu ya mtundu wakale, timizere ta bwalo la 50 timaoneka ngati taima ngati liwiro liri lolondola. Tikaoneka tikuyenda, bvuto ndi lamba kapena mota.

Za mlonda woletsa kulemba ndi zosokoneza cifukwa opanga madisiki sanamvane. Pa disiki ya mainchesi 5 ndi kota, kampata ka m'mphepete kakamatidwa ndi kapepala, disiki yatsekedwa. Pa ya mainchesi 8 ndi mosemphana: kampata kakakhala poyera ndiye kuti yatsekedwa. Pa ya mainchesi 3 ndi theka pali kazenera ka pa ngodya kokhala ndi kotsekera kotsetsereka, ndipo kazenera kakatseguka, munthu n'kuona kuwala kupyola, disiki siingalembedwe. Kaswichi kace kakacita dzimbiri, kawirikawiri makina amakana kulemba pa disiki iri yonse. Kwa munthu wofuna kupulumutsa zakale, limeneli si tsoka konse, ndipo akhoza kulisiya momwemo kufikira atamaliza kukopera. Coopsa ndi kulakwa kwa mbali inayo, pamene makina alemba pa disiki yotsekedwa. Cifukwa cace mmisiri amatenga disiki yopanda nchito, naitseka, nayesa kusungamo kanthu. Makina akalola, sayenera kukhulupiriridwa. Uthenga umenewu uli pa waya wa nambala 28.

Pa ngodya inayo pali kaboo kaciwiri kamene kamasiyanitsa disiki ya 1.44 MB ndi ya 720 KB. Makina akamawerenga mtundu umodzi ndi kukana unzace, kaswichi ka pa ngodya imeneyo ndiko koyamba kuyang'ana. Kadontho ka sipiriti ndi kukanikiza kamutu kace maulendo makumi angapo ndi kamtengo zimacotsa dzimbiri nthawi zambiri.

Watsala mlonda mmodzi, ndipo ameneyu ndiye woononga, cifukwa akalakwa sagogoda, saletsa kanthu, ndipo kompyuta siidandaula. Nchito yace ndi kunena kuti disiki yatuluka ndipo yalowa ina. Kuciyambi kwa madisiki ambiri kuli kaundula wonena maina a zolembedwa ndi mizere imene ciri conse cikhalamo. Pofuna kufulumira, kompyuta imawerenga kaundulayo kamodzi ndi kumusunga m'mutu. Siimuwerenganso kufikira itauzidwa pa waya wa nambala 34, wotsiriza pa nthambo, kuti disiki yasinthidwa. Kaswichi kakamatirira, kapena waya wa m'mphepeteyo akaduka cifukwa ca kupindidwapindidwa, uthengawo sufika.

Zotsatira zace ziri motere. Mlembi wa mpingo alowetsa disiki ya nyimbo, naona maina a nyimbozo. Aitulutsa, nalowetsa ya kaundula wa obatizidwa. Pa galasi paonekabe maina a nyimbo. Iye aganiza kuti mwina wasokoneza madisiki, kapena kuti kompyuta yacedwa cabe. Akangosunga kanthu kamodzi, kapena kufafaniza dzina limodzi, kompyuta imalemba kaundula wa disiki yoyamba pamwamba pa kaundula wa disiki yaciwiri. Kuyambira pamenepo disiki ya obatizidwa imadzicha ya nyimbo, ndipo maina a anthu a zaka zambiri sapezekanso. Zonsezi zimacitika m'masekondi awiri, popanda cenjezo liri lonse. Amisiri a kale anali kulidziwa bwino bvuto limeneli, ndipo pa Cingerezi analipatsa dzina lotanthauza kaundula wa mzukwa.

Kuyesa kwace ndi kwapafupi kotero kuti palibe cifukwa cokulumphira. Madisiki awiri opanda nchito aja akhale ndi zolembedwa za maina osiyana. Mmisiri aone maina a pa yoyamba, aitulutse, alowetse yaciwiri, ndipo aitanitsenso maina. Acite zimenezi kakhumi, cifukwa kaswichi kadzimbiri kamagwira nchito kasanu ndi kulephera kacisanu ndi cimodzi. Maina akale akaonekanso ngakhale kamodzi, ayambe wasintha nthambo, pakuti ndiyo yosabvuta, ndipo pambuyo pace apukute kaswichi. Pali cinanso. Pa makina ena akale, ndi pa makiyibodi ambiri, waya wa 34 amanyamula uthenga wina, wakuti makina akonzeka. Kusankha pakati pa mauthenga awiriwa kumacitika ndi kalumikizo kakang'ono pa bolodi, pamene nthawi zambiri palembedwa DC ndi RY. Makina ocotsedwa m'kompyuta n'kuikidwa m'kiyibodi, kapena ocokera kwina n'kuikidwa m'kompyuta, akhoza kuoneka odwala pamene angolankhula cinenero cina.

Ngati ngoziyo yacitika kale, disikiyo isatayidwe ndipo isalembedwenso kanthu. Cimene cafafanizika makamaka ndi kaundula. Zolembedwa zenizeni zambiri zikali m'mizere yao, monga nyumba za m'mudzi zimene zimaimabe ngakhale buku la mfumu litapsa. Kazenera katsegulidwe nthawi yomweyo, ndipo disiki ipite kwa wodziwa mapulogiramu ofufuza mzere ndi mzere. Masiku ano kuli tizipangizo tonga Greaseweazle ndi KryoFlux, timene timalumikiza makina akale a fulopi ku kompyuta yatsopano ndi kujambula maginito onse a pa disiki monga momwe aliri. Greaseweazle imathandizanso mmisiri, cifukwa imachula mlonda wolakwa, kaya ndi wa malire kapena wa ulendo wozungulira, ndipo imayesa liwiro la mota. Pa kiyibodi kapena makina opeta nsalu amene akali pa nchito, eni ace ambiri amacotsa makina a fulopi ndi kuikapo kabokosi kochedwa Gotek, kamene kamalandira fulashi ndi kudzionetsa ngati fulopi. Koma kabokosiko sikawerenga disiki. Nyimbo zakale ziyenera kutulutsidwa coyamba ndi makina enieni.

Makina akapambana mayeso onse, kamutu kakupeza malire mwakacetecete, disiki yotsekedwa ikukanidwa, maina akusintha pamodzi ndi disiki, kamutu kapukutidwe komaliza ndi kathonje katsopano ndi kusiyidwa kuti kaume. Pamenepo disiki ya m'thumba ija ituluke. Kazenera kace katsegulidwe isanalowe, ndipo mwini apenye kuwala kupyola ndi maso ace. Asayambe ndi kutsegula makalata kuti awerenge, ngakhale mtima ukufuna, cifukwa disiki ya zaka 30 nthawi zina imalola kuwerengedwa kamodzi kokha mankhwala a maginito asanayambe kusupuka. Ayambe ndi kukopera zonse. Pakapezeka malo okanika, awalumphe ndi kutenga zotsalazo, ndipo abwerere ku malo obvutawo pamapeto, atapukutanso kamutu. Zokoperazo ziikidwe pa mafulashi awiri osungidwa m'nyumba ziwiri zosiyana, ndipo kaundula wa maina a anthu asindikizidwenso pa pepala ndi kuikidwa m'faelo. Disikiyo ibwerere m'thumba lace, italembedwa tsiku limene inakoperedwa.